Tsiku Limene Nkhope ya Amayi Inatuluka

Amayi anga anali akuda. Sindikunena kuda kuja kumene anthu amati "wakuda mosalala" pofuna kumusangalatsa munthu, ayi, anali akuda bii, ndipo anali okongola moti akamalowa mumsika pa Golomoti ogulitsa tomato ankaiwala zoitanira malonda. Koma makamera onse a m'dziko muno anachita ngati apangana kuti asamawaone. Pa chithunzi cha ukwati wawo, chojambulidwa pakhomo pa tchalitchi ku Mua, abambo akuoneka mpaka ndevu, wansembe akuoneka, ngakhale galu wina amene anangodutsa akuoneka. Pamene paima amayi pali velo, diresi ndi maluwa, pakati pake mdima wokhala ndi mano. Abambo ankakonda kunena kuti iwo anakwatira diresi. Amayi ankaseka nawo, koma chithunzicho sichinapachikidwepo pakhoma, chinkakhala pansi pa sutikesi.

Chiphaso chovotera chimodzimodzi. Zithunzi za ubatizo wa ana athu chimodzimodzi. Mapeto ake amayi anangozolowera kuti wojambula akabwera, iwo ndi amene ankathamangira kukaona ndiwo pamoto. "Ine zithunzi zimandikana," ankatero. Ankawonjezera kuti nawonso amayi awo sanajambulidwepo n'kamodzi komwe, ndipo dziko silinathe. Agogowo anamwalira ine ndili m'mimba. Tsiku lina tikupeta mpunga, amayi anandiuza kuti mawu a agogo amawamvabe, koma nkhope yawo inawathawa kalekale, akati aikumbukire amangoona duku.

Zaka zimene ndikunenazi amayi anali wapampando wa gulu la alimi a mpunga wa ku Bwanje, ndipo gululo analiyambitsa ndi iwo, akuyenda wapansi mudzi ndi mudzi. Ofesi yathu inali shedi yakale ya thonje kufupi ndi msewu waukulu, chinyumba chachikulu choti mwana atha kuphunziriramo njinga, denga la malata kutali m'mwamba, matebulo kutsogolo, sikelo pakati, matumba kumbuyo. Ine, poti ndinkagwiranso ntchito m'gululo, ndinali ndi katebulo kanga pafupi ndi khomo. Ndiye kampani ina ya ku Lilongwe imene inkagula mpunga wathu inatumiza uthenga kuti ikufuna kujambula kanema wotsatsa malonda, woti azionetsedwa pa wayilesi ya kanema, ndipo wapampando ndi amene akhale patebulo n'kulankhula. Amayi anayamba ndi kukana. Kenako ndinayamba kuwamva kuseri kwa nyumba akuyeserera mawu awo, nkhuku zili omvera.

Tsono ife kuno mlendo wamkulu timamulandira ndi laimu. Akamabwera ambuye bishopu, laimu. Akamabwera ofuna mavoti, laimu. Ndiye kukamabwera kanema wa dziko lonse? Abale inu, tinapaka! Makoma onse mkati ndi kunja, zipilala, miyala ya m'mbali mwa kanjira, mitengo mpaka m'chiuno, ngakhale chitsa chimene ankamangirirapo mbuzi mlonda. Tinagwirizananso kuti amayi onse avale bulauzi yoyera ndi duku yoyera. Ya amayi inali yatsopano, yogula ku Dedza, ndipo anaisita okha ndi simbi ya makala osalola wina kuikhudza. Mmawa wa tsikulo shedi yonse inali mbee, yothobwa m'maso, ndipo tinkadzimva kuti ndife anthu.

Alendo anafika dzuwa litayamba kale kuluma, pakuti unali mwezi wa Okutobala ndipo kutentha kwa kuno kunsi sikudikira masana. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wamfupi wovala buluku, wachangu ngati wasiya mkaka pamoto, koma waulemu ndithu, anapereka moni kwa akuluakulu onse atagwira chigongono. Pambuyo pa onse panatsika bambo wina wamimba, wa imvi zongoyamba, malaya ake atadzaza mapegi oyanikira zovala kuyambira pakolala mpaka pathumba. Amayi a m'gulu anayamba kugwedezana. Wina ananong'ona kuti koma mkazi wa bambo ameneyu ali pa mpumulo, zochapa zonse amuna awo atenga. Mayi wotsogolera uja anatiuza kuti ameneyo ndi woyang'anira nyali zojambulira, ndipo kuyambira pomwepo anakhala bambo wa mapegi.

Analowa m'shedimo, n'kuima pakati, n'kuyang'ana denga, makoma, mazenera, kenako ife ndi mabulauzi athu. Anafunsa kuti tapaka liti.

"Dzulo lomweli," ndinayankha ine, chifuwa chili patsogolo.

"Mwagwira ntchito, achemwali," anatero, uku akukanda m'mutu pang'onopang'ono.

Anawakhazika amayi patebulo lalikulu, khoma loyera lili kumbuyo kwawo. Mtsikana wina wa gulu la alendo anawathira paudala kumaso. Anayatsa nyali ziwiri, wa kamera anaponya diso, ndipo tonse tinaunjikana pa kawayilesi kakanema kakang'ono kamene kankaonetsa zimene kamera ikuona. Mtima wanga unangoti phwii. Chinali chithunzi cha ukwati chija chabweranso: bulauzi, duku, pakati pake mdima wotuwira ngati wagwera m'phulusa. Anawonjezera nyali, khoma linachita kuyaka, amayi anayamba kutsinzina, koma nkhope ayi ndithu.

Mayi wotsogolera uja anayang'ana wotchi yake. Anandikokera pambali, koma shedi ya malata ilibe pambali, mawu onse amamveka. Anati nthawi ilibe chisoni, ayenera kukajambulanso kuminda, ndipo lole yawo iyenera kukwera phiri kusanade. Kenako anandiyang'ana bwinobwino. Ine ndinatengera khungu loyera la abambo.

"Asisi, inu ndinu mwana wawo, eti? Bwanji mukhale pampandopo inuyo, munene mawu omwewo? Amayi aime kumbuyo ndi anzawo."

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anali ataimirira kale. Anakonza mpando, n'kuupukuta ndi nsonga ya chitenje ngati akukonzera mlendo.

"Khala iwe, mwanawe. Ndinanena kale ine, zithunzi zimandikana."

Anatuluka mwakachetechete n'kukakhala pansi pa mtengo wa msawu kuseri kwa shedi. Ine magazi anandithamangira kumutu. Pakamwa pangapa anthu a kuno amapadziwa, ndipo tsiku limenelo ndinapatsegula ndithu. Ndinafunsa ngati ndine amene ndinayenda wapansi kukagogoda m'makomo a anthu, ngati ndine amene ndinakangana ndi mavenda a masikelo akuba, ngati makina awo odulawo anagulidwa kuti aziona anthu kapena mabulauzi. Ndinati akafuna munthu woyera akamutenge komwe achokera, mpunga wathu tidya tokha. Mayi uja sanabweze moto, anangoti akumvetsa, koma nayenso watumidwa.

Apo bambo wa mapegi, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana khoma, analankhula.

"Vuto si amayi aja. Vuto ndi laimu."

Tonse tinati kukamwa yasa. Laimu wathu?

Anafotokoza mosakweza mawu. Anati kamera ili ngati munthu amene watuluka m'nyumba masana: ikaona zoyera zambiri imatsinzina, ndipo ikatsinzina choyamba kusowa ndi chakuda. Khoma loyera, bulauzi yoyera, duku yoyera, zonsezo zikukuwa, ndiye nkhope imveka bwanji? Anatembenukira kwa mayi wotsogolera n'kumupempha kuti ayambe wapita kuminda ndi kamera, amusiyire shediyo. Mayiyo anaganiza pang'ono. Anati chabwino, imeneyo ndi ntchito yake ndipo amamukhulupirira, koma akabwerako n'kupeza nkhope sinatuluke, mwana akhala pampando ndipo sipakhalanso zokambirana.

Galimoto itangonyamuka, bambo uja anasintha. Mimba ija sinamulepheretse kanthu. Choyamba anazimitsa machubu onse a magetsi a padenga, akuti kuwala kwake n'kobiriwira ndipo kumaphethira ngakhale maso athu sakuona. Kenako analoza malata awiri oonekera amene ankagwetsa zigamba za dzuwa pansi, nati zigamba zimenezo zimayenda ndi dzuwa, chithunzi cha tsopano sichidzafanana ndi cha pambuyo pake. Amuna awiri anakwera padenga ndi matumba opanda kanthu, akuvina ndi kutentha kwa malata. Mazenera a mbali imodzi anawatseka ndi nsalu zakuda, ndipo apa m'pamene tinaona ntchito ya mapegi aja, ankangothothola pachifuwa osayang'ana n'komwe. M'shedi munada ngati kukubwera mvula.

Ndiye anapempha mikeka. Anati yonse imene ingapezeke, yakale ndiye yabwino. Amayi anabalalika m'nyumba zoyandikira n'kubwera atasenza, koma atamva kuti ndi yophimbira khoma, panabuka chisokonezo.

"Koma bambo inu! Laimu ameneyu tasupuka naye manja!" anatero mayi wina wachikulire, akumuonetsa zikhatho.

"Pepani amayi, laimu wanu sapita kulikonse. Bishopu akadzabwera adzamupeza," anayankha, ndipo mayiyo anaseka mosafuna n'kugwira nawo mkeka.

Tebulo analichotsa kukhoma n'kulikokera pakati, molipendeketsa kuti liyang'ane zenera lalikulu. Kumbuyo kwake, patali ndithu, tinasanja matumba a mpunga mpaka kupitirira mutu wa munthu. Ine ndinkaganiza kuti nyali yaikulu kuposa zonse aiika pamaso pa tebulo, monga amachitira ojambula pa ukwati. Iyayi, anaitulutsa panja. Anaiimika kuseri kwa zenera, n'kupempha shiti yoyera ya pabedi, imene mkazi wa aphunzitsi oyandikana nafe anachita kuanula pachingwe isanaumitsitse. Anaitambasula pazenerapo ndi mapegi. Jenereta imene anabwera nayo anaikokera kutali kuseri kwa chimbudzi kuti phokoso lisalowe, nthambo ikukwawa pabwalo lonse. Atayatsa, shiti yonse inasanduka kuwala kofewa, konga kwa mmawa dzuwa lisanatuluke m'phiri.

Chimene sindidzaiwala ndi mmene ankayesera kuwalako. Anali ndi kachipangizo kake kopachika m'khosi, koma kawirikawiri ankangokunga chibakera, n'kuchiika pamene padzakhale nkhope, n'kumachitembenuza pang'onopang'ono uku akuyang'ana kuseri kwa dzanja lake. Akapanda kukhutira ankatuluka, kusuntha nyali pang'ono chabe, n'kubwerera kudzayang'ananso chibakera. Anachita zimenezi mpaka ine ndinayamba kutopa m'malo mwake. Mbali ina ya tebulo anaimika chibodi choyera chopepuka kuti chibweze kuwala pang'ono patsaya linalo. Kanyali kena anakapachika m'mwamba kumbuyo, akuti kameneko n'kolekanitsa munthu ndi matumba. Ndiye poti shedi ndi yaikulu ndipo kumbuyo konse kunali kutasanduka phanga, anabisa tinyali tina kuseri kwa milu ya matumba, kena pafupi ndi sikelo, kena kumapeto kwenikweni, kuti diso liziyenda mpaka kukafika kukhoma lakutali. Shedi imene ndinkalowamo tsiku ndi tsiku ndinaiona ngati ndi ya eni ake.

Thukuta linali litamunyowetsa mpaka mapegi. Ndinamupatsa madzi m'kapu, n'kumufunsa ngati zitheke.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali. Koma chatsala ndi chovuta kuposa zonsezi. Amayi ali kuti?"

Ndinamuperekeza ku msawu kuja. Amayi anali atatambasula miyendo, akutola timiyala mumpunga wa m'lichero la munthu wina, poti manja awo sankadziwa kukhala. Bambo uja, ndi mimba yake yonse, ananjuta patsogolo pawo.

"Amayi, ndabwera kudzakutengani."

"Mwanangu, usavutike. Ine ndakalamba nazo zimenezi. Wajambula mwanayo wajambula ine."

"Tandiyang'anani ine, amayi. Ndine woyera?"

Amayi anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana, n'kuseka pang'ono. Munthuyo analidi wakuda ngati iwo.

"Ndiye mukuganiza kuti ndingakhale pa ntchito imeneyi mpaka imvi, osadziwa kuunika khungu langa lomwe? Anthu aja sankakujambulani inu, ankajambula laimu ndi bulauzi. Ndipatseni mpata kamodzi kokha. Koma ndikupemphani zinthu ziwiri, ndipo musandikwiyire. Paudala uyo musambe, mudzole mafuta anu a masiku onse. Khungu ngati lathuli limafuna lizinyezimira pang'ono, ndi mmene limagwirira kuwala. Chachiwiri, bulauziyo."

Amayi anagwira kolala ya bulauzi yawo ndi manja onse awiri. Ine ndinkadziwa ulendo wa ku Dedza uja, ndi simbi ija, ndipo ndinayang'ana kumbali. Amayi anafunsa kuti ndiye avale chiyani, akaonekere dziko lonse ndi nsanza? Bambo uja anafunsa chimene anavala mmawa posesa. M'chikwama mwawo munali bulauzi yawo yakale yachikasu, yofwifwa m'mapewa, ndi duku yobiriwira imene ankapita nayo kumunda. Bambo uja ataziona anati zimenezo ndiye zenizeni. Amayi anasiya kolala ija n'kundipatsira lichero lija.

"Iwe, kanditungire madzi."

Mayi wotsogolera anabwerako fumbi lili mpaka m'nsidze, akuyang'ana wotchi asanatsike n'komwe. Atalowa m'shedi anaima. Amayi anali atakhala kale patebulo, anzawo a mabulauzi oyera atawasunthira kumbuyo kutali kumene ankaoneka ngati anthu ali pa ntchito. Wa kamera anaimika makina ake. Mayi uja anawerama pa kawayilesi kaja, ndipo ine ndinali kumbuyo kwake.

Mayo ine! Anali amayi anga. Mphumi yawo, masaya awo, kuwala kutatsetsereka kuchokera pachipumi mpaka pachibwano, timakwinya ta m'mbali mwa maso, ngakhale timphini tiwiri ta pafupi ndi khutu timene anawatema ali mwana atadwala maso. Kuda kwawo kunali komweko, sikunachepe ngakhale pang'ono, koma tsopano kunali ndi nkhope. Mayi wotsogolera sananene zambiri. Anangoti "Eya," n'kumugwira bambo wa mapegi paphewa, n'kuuza onse kuti akhale chete.

Anajambula kangapo. M'shedi munali ngati mu uvuni, mazenera otseka, nyali zikutentha, ndipo panalibe wololedwa ngakhale kudzikupiza ndi katoni. Ulendo woyamba amayi anaiwala mawu aja ankauza nkhuku, ulendo wachiwiri mbuzi ya mlonda inalira. Kenako anangosiya zoloweza n'kulankhula monga amalankhulira pa msonkhano, za madzi a mumfuleni ndi za msana wa mlimi, ndipo mayi wotsogolera anawomba m'manja nati zatheka. Anyamata anayamba kukulunga nthambo. Bambo wa mapegi anapita pa bokosi la maswitchi.

Koma mayi wotsogolera, Mulungu amudalitse, ananyamula kawayilesi kaja n'kukatembenuzira kwa amayi, kamera ikadali yoyatsa.

"Amayi, tadzioneni."

Kunyumba kwathu galasi linali kachidutswa kometera abambo, koonera diso limodzi kenako linzake. Amayi anali asanadzionepo chonchi, nkhope yonse, chapambali pang'ono, mmene timawaonera ife. Anayang'ana. Anapendeketsa mutu, wa m'kawayilesi nayenso anapendeketsa. Anakweza dzanja n'kugwira timphini tija. Ndinkadikira kuti aseke, kapena anene nthabwala ya diresi ija, koma anangosendera pafupi ndi kawayilesiko.

"Amayi anga awa," anatero, motsitsa mawu. Kenako anandiitana osachotsa maso pamenepo. "Iwe, bwera kuno. Bwera udzawaone agogo ako. Ndi awa, ndendende. Duku amamanga chonchi."

Ndinagwada pambali pawo. Ine wa pakamwa ine, misozi inangoyamba yokha. Jenereta inkamvekabe kutali kuseri kwa chimbudzi. Bambo wa mapegi anali chiimire, chala chili pa switchi, ndipo amayi anamuona.

"Mwanangu, usazimitse kaye."

Bambo uja anachotsa dzanja lake n'kulipisa m'thumba. Mayi wotsogolera anayang'ana wotchi yake, n'kuyang'ana panja pamene dzuwa linali litapendeka kale kuloza kuphiri kumene lole yawo inayenera kukwera. Kenako anakhala pansi pa thumba la mpunga n'kuvula nsapato.